Mutu wa Chimdala Utakwera Pachithunzi

Pakamwa pangapa ndi pamene panatsala pang'ono kuphetsa Bambo anga. Sindikukokomeza ayi. Chabwino, kwathu amati ndimakokomeza chilichonse, ati ndikaona nyerere pakhonde ndimakanena kuti kwadutsa njovu ndi ana ake, koma nkhani iyi yokha ndikuchita kuichepetsa. Nditainena mmene inalili, mukhoza kukomoka tsamba lisanathe.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangosiya sukulu. Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kawiri, ndipo kawiri konseko dzina langa linasochera panjira ya ku sekondale. Amayi anati ndiphunzire kusoka, ndinasoka chala changa. Ndiye ndinkangokhala pa Chitawira, mtsikana wamkulu ndithu, kutunga madzi, kusesa, kukangana ndi anthu pampopi, kwinaku ndikuwerenga masiku kuti Loweruka lifika liti.

Loweruka masana kuholo ya tchalitchi chathu kunkakhala kanema, woonetsa wake Bambo. Mkati mwa sabata Bambo anali mesenjala mutauni, munthu wa "iwe, thamanga ndi kalata iyi." Koma Loweruka, aaa! Akavala malaya oyera aja n'kuima kuseri kwa makina a ansembe, ngakhale mahedimasitala ankawapatsa moni wa manja awiri. Makinawo ankawasamala kuposa ife ana awo. Mkati mwake munali kababu kakang'ono ngati chala, koti ife tisakagwire ngakhale ndi maso. Ati kameneko ndi kamene kamawerenga mawu pafilimu. Kakapsa, anthu pansalu amangotsegula kukamwa ngati nsomba za pamsika.

Mazenera tinkatseka ndi mabulangeti a amayi a mumpingo, ena onunkha mikodzo ya ana, ndiye mukaphatikiza thukuta ndi mtedza wokazinga, m'holomo ntchentche inkalowa yamoyo n'kutuluka mtembo. Koma anthu ankadzaza mpaka pakhomo.

Mafilimuwo anali a Chizungu chothamanga, cha m'mphuno, choti ngakhale aphunzitsi ankangogwedeza mutu monamizira. Ndiye ine ndinkafotokozera anthu. Palibe anandilemba ntchitoyo, ndinadzilemba ndekha. Ndinkatola mawu awiri atatu, ena onse ndinkaphika ndekha pompo, ndi mchere womwe. Mzungu akati "gudu moningi," ine ndimati, "Akuti mkazi wako ndamuona dzulo ku Limbe ndi kondakitala!" Holo yonse gwedegwede ndi phwete.

Chinsinsi chake anandiuza ndi Bambo. Anati, "Usamalimbane ndi Chizungu, mayi. Uzimvera nyimbo, uziyang'ana pamene wojambula waima." Munthu wabwino amamujambula maso ndi maso, nkhope yonse yowala, kanyimbo kake kotsekemera ngati ka paukwati. Woipa amamujambula kuchokera pansi, ngati wojambulayo wagwada, kuti atalike mpaka mutu ukagunde kumwamba kwa nsalu. Kuwala amangomupatsa tsaya limodzi. Ndipo nsapato zake zimayamba kufika iye asanafike. Nditadziwa zimenezo, basi, ndinasanduka mneneri. Munthu akangotulukira pansalu ndinkanena kale ngati afe kapena akwatire.

Mwezi umenewo filimu yatsopano inachedwa kubwera, ndiye tinaonera imodzimodzi masabata atatu. Munali chimdala china chake mmenemo, mayo ine. Kalowedwe kake kanali kotere. Choyamba zonse zii. Kenako nsapato, gwa, gwa, gwa, munthu osaoneka. Kenako chinyimbo chapansipansi ngati njuchi zatsekeredwa mumgolo, choti sichilowera m'khutu, chimalowera m'mimba. Ndiyeno chimdalacho chimatulukira pamasitepe, suti yakuda, chipewa chakuda, ndodo m'manja, chitatalika mpaka kudenga. Pansi pa masitepe pamakhala kamwana kataima. Chimdala chimatambasula dzanja n'kukagwira pamutu. Basi, kungokagwira pamutu. Koma ndi nyimbo ija azimayi ankabisa nkhope za ana awo m'zitenje, ndipo mkulu wina wa kwaya anatulukapo ulendo wina ati akukaona njinga. Patsogolo pake chimdalacho chimaphetsa bambo a kamwanako, koma anthu ankakhala atanjenjemera kale chisanachite kalikonse.

Ine pa gwa wachitatu ndinkaimirira n'kukuwa mawu anga, ndipo anthu ankachita kuwadikira. Ankakuwa limodzi nane, theka mantha theka kuseka.

Tsopano za chithunzi. Nonse mukudziwa kuti holo iliyonse, sitolo iliyonse, ofesi iliyonse, pakhoma pankakhala nkhope ija. Dzina sinditchula, ngakhale masiku ano anthu ayamba kulitchula mumsika ngati dzina la sopo. Lilime langa linazolowera kunena kuti Eni Dziko. Ndipo lamulo lake linali loti pasakhale chinthu chilichonse chokwera kuposa chithunzicho, ngakhale wotchi, ngakhale kalendala. Nsalu yathu ya kanema tinkaipachika pambali pake, ndipo zaka zonsezo palibe anatengapo muyezo.

Loweruka lachinayi, filimu ikadali yomweyo, anthu atakhala kale pamabenchi, kunalowa a Tcheyamani a chipani a dera lathu, bambo wonenepa wathukuta losatha, ndi mnyamata wina wa malaya ofiira, wa gulu lija loona makhadi a chipani pachipata cha msika. Mnyamata ameneyu tinali naye kale nkhani. Tsiku lina akundifunsa khadi analigwira mozondotsa, nkhope ya pakhadipo mutu pansi, ine n'kumuuza pagulu kuti, "Achimwene, munthuyo mwamuimika ndi mutu." Azimayi a tomato anaseka mpaka kugwetsa milu. Kuyambira pamenepo akandiona ankangoti, "Ana a obwera inu, tidzaona." Agogo athu anachita kuwoloka malire kuchokera kutsidya kwa Nsanje kalekale, Bambo anabadwira konkuno, koma mawu akuti obwera ankawawitsa Bambo mutu tsiku lonse.

Ndiye wa malaya ofiirayo anayang'ana nsalu, n'kuyang'ana chithunzi, n'kunong'oneza a Tcheyamani.

"Abambo," a Tcheyamani anaitana Bambo, "nsalu yanuyi yakwera kuposa Eni Dziko."

"Pepani bwana, sitinaone."

"Itsike. Ikhale pansi pa chithunzi, izidziwa malo ake."

Inatsika. Anaipachika m'munsi mwenimweni mwa chithunzicho, mpendero wake kukhudza chimango. Bambo anayesa kuweramitsa makina, koma akatero mitu ya anthu a kutsogolo inkalowa mufilimu. Ana anayamba kumenya mabenchi, a Tcheyamani akuyang'ana wotchi. Ndiye Bambo anangoyatsa choncho, kuwala kwina kukutayikira pamwamba pa nsalu, pachithunzi paja.

Poyamba zinkaoneka bwino zedi. Kumwamba kwa filimu kumakhala mitambo, nthambi za mitengo, mbalame. Eni Dziko anangokhala m'mitambomo akuwala, moti mayi wina wa chitenje cha chipani anachita kululutira. Anthu onse a mufilimu mitu yawo inali pakati pa nsalu, pamalo ake.

Tsiku limenelo kunabwera asuweni anga awiri ochokera ku Nsanje, oti kanema sanamuonepo chibadwire. Anakhala benchi ya kumbuyo kwanga, kukamwa yasa. Ine ndinati lero aone kuti mutauni muli anthu. Nditamva kuti zii uja wayamba, ndinaimirira n'kufulatira nsalu, kuyang'ana iwowo, kuti adziwe kuti ine filimu ndimaionera ndi khutu.

Gwa.

"Mverani," ndinatero.

Gwa.

Njuchi zija zinayamba kulira mumgolo.

Gwa.

Ndinaponya dzanja kumbuyo, chala m'mwamba, osacheuka, n'kukuwa ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa: "Uyo! Galu wakupha anthu uja wafika! Bisani ana!"

Palibe anakuwa nane. Palibe anaseka. Ngakhale makanda anasiya kuyamwa. Ndinaona nkhope za anthu m'kuwala kwa filimu, maso onse atakwera m'mwamba kupitirira mutu wanga, ndipo mayi wolulutira uja atagwira pakamwa ndi manja awiri.

Ndinacheuka.

Thupi la chimdala linali pansalu, suti, ndodo, dzanja likupita pamutu pa kamwana. Khosi linathera pampendero. Pamwamba pa khosilo, ndendende ngati wachita kuyeza ndi telala, panali nkhope ya Eni Dziko, tsaya limodzi lowala lina lakuda, chipewa cha chimdala chitawakhala pamutu. Chinyimbo chija chikungolira. Chala changa chikadali m'mwamba, chitaloza pomwepo.

Ndikukuuzani, mtima wanga unatuluka, unakafika ku Ndirande, n'kubwerera wapansi.

Makina anazima, thi. Mumdimamo ndinamva mawu a Bambo, osati mu Chinyanja ayi, mu Chisena cha agogo chimene ankachiyankhula pokhapokha zinthu zikavuta: "Matama!" Kunena kuti nditseke pakamwa, ngati kuti munatsala mawu ena.

Anthu anatuluka ngati akuchoka pamaliro a mfiti, aliyense maso pansi. Azimayi anakanganula mabulangeti awo m'mazenera pomwepo, osapinda n'komwe, ngati bulangetilo likhoza kukaitanidwa kukachitira umboni. Dzuwa litalowa m'holo tinatsala anthu anayi: ine, Bambo, a Tcheyamani akupukuta thukuta ndi chipewa, ndi wa malaya ofiira akumwetulira mano onse.

"Ndamva ndi makutu anga," anatero. "Ndaona ndi maso anga. Madala, mwana wanu mwamuphunzitsa bwino."

Kunyumba ndinkayembekezera lamba. Ndinkachita kumufuna lambayo. Bambo anangokhala pampando, manja pamaondo, malaya oyera aja osavula. Ndinagwada pafupi nawo n'kunena kuti ndikadzipereka ndekha, ndikawauza kuti ndine, pakamwa ndi panga.

"Iwo aja satenga pakamwa, mayi," anatero pang'onopang'ono. "Amatenga mwini nyumba. Makina ndinayatsa ndine."

Aliyense pa Chitawira ankadziwa nyumba imene bambo ake anaitanidwa kukayankha mafunso pang'ono, ana n'kukula osawaonanso. Kwa ife kunalinso chinthu china: lole yoti ikatitule kumalire ndi mapoto athu, dziko loti Bambo sanaliponde n'kamodzi komwe, kukumveka mfuti.

Lamulungu kutchalitchi benchi yathu inakula. Anthu amene tinkathithikana nawo sabata ndi sabata anapeza malo kwina. Asuweni aja Amayi anawakweza basi m'mawa womwewo, kanema wawo woyamba ndi womaliza. Lolemba Bambo anapita kuntchito atavala malaya awiri ndi juzi mkati, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa amati kumene amakutengera kumazizira ndipo sakupatsa mpata wokatenga chofunda. Amayi anayamba kuphika ndiwo osathira mchere, osazindikira.

Ine ndiye chinyimbo chija chinasamukira m'mutu mwanga. Galimoto ikachepetsa liwiro pamsewu, njuchi zija zimayamba. Munthu akadutsa ndi nsapato zachikopa kuseri kwa mpanda, gwa, gwa, ndimathawira m'nyumba. Mpaka wogulitsa makala ndinamuona ngati amujambula kuchokera pansi. Ndinakhala masiku atatu osayankhula. Anthu a pampopi ankaganiza kuti ndafa.

Lachiwiri madzulo dzuwa lisanalowe a Tcheyamani anabwera kunyumba. Anakana mpando. Anaima pakhomo, akucheukacheuka.

"Mnyamata uja wakanena kutauni," anatero. "Mawa kubwera munthu. Akufuna aone ndi maso ake. Zonse zikhale mmene zinalili, nsalu pomwe paja." Kenako anatsitsa mawu mpaka ndinachita kumata khutu pachitseko. "Abambo, inu mukudziwa kuti ine ndinangoti nsalu itsike chifukwa cha ulemu. Chifukwa cha ulemu basi."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti nawonso m'mimba mwawo mukulira njuchi.

Lachitatu m'mawa tinalawirira kuholo awiriwiri ndi Bambo. Mabulangeti panalibe, azimayi onse ati achapa. Tinangotseka mazenera awiri ndi athu a kunyumba, ena onse dzuwa likulowa mmene likufunira. Bambo anakonza makina, n'kuzunguliza filimu mpaka pafupi ndi masitepe aja. Kenako anatsegula kachitseko ka m'mbali, n'kuzula kababu ka mawu kaja.

"Bambo, mukutani?"

"Kapsa."

"Koma sikanapse."

Anandiyang'ana. Ndinatseka pakamwa. Anayika kababuko m'thumba la malaya, n'kukatulutsa. M'thumba la buluku, n'kukatulutsanso. Panja panamveka chitseko cha galimoto. Anawerama msanga n'kukakankhira mu sokosi, kakutsetserekera mpaka munsapato.

Ine munthu wa kutauniyo ndinali nditamujambula kale m'mutu: wamtali ngati mlongoti, magalasi akuda, nsapato za gwa gwa. Amene analowa anali kabambo kafupi, suti yotuwa yothina pamimba, nsapato zofewa zosamveka n'komwe, kakudya mtedza wa m'kapepala. Anapereka moni kwa aliyense, mpaka ine. "Muli bwanji, asisi?" Ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kuposa zonse. Panalibe nyimbo yondiuza kuti ameneyu ndi wotani. Nkhope yake dzuwa linaiwalira mbali zonse ziwiri.

Anakhala pabenchi ya kutsogolo, a Tcheyamani pambali pake, wa malaya ofiira ataima ngati msilikali.

"Tiyeni tione, bambo," anatero.

Makina anayamba, trrrr. Pansalu panaoneka masitepe, otuwa chifukwa cha dzuwa. Sipika phee.

"Mawu ali kuti?" wa malaya ofiira anafunsa.

"Kababu kake kapsa, bwana," Bambo anayankha, akuyang'ana wa suti. "N'kakale. China chimachokera kunja."

"Bodza! Loweruka kanali bwino! Musecheni!"

Wa suti anangoponya mtedza wina m'kamwa. Wa malaya ofiira anapita yekha, n'kupisa m'matumba a Bambo onse, mpaka a juzi ya mkati. Anapeza kolona ndi kansalu kopukutira makina. Pobwerera m'mbuyo kuti amupatse malo, Bambo anaponda mwamphamvu, ndipo ine ndinamva kaphokoso kakang'ono, tswa. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Siyani, akubwera," anatero wa suti, akuloza nsalu ndi mtedza.

Chimdala chinatulukira. Abale anga, ndinatsala pang'ono kusachizindikira. Popanda gwa gwa, popanda njuchi, m'kuwala kwa m'mawa, anali mdala wotopa akutsika masitepe mosamala ngati wa nyamakazi, ndodo ikumuthandiza. Mutu unakwera pachithunzi monga tsiku lija, chipewa n'kukhala. Dzanja linatambasuka, n'kusisita kamwana pamutu. Bambo anaimitsa makina.

"Kenako?" wa suti anafunsa.

"Loweruka tinalekera pomwepa, bwana."

Zinali zoona, koma ine ndinkadziwa chimene chili patsogolo pa filimuyo, mpeni ndi zonse. Akanangoti pitirizani, basi, tinali titatha. Anatafuna mtedza. Ndikulumbira, mtedza umodzi umenewo anautafuna chaka chathunthu. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndamva kuti inuyo ndi amene mumafotokozera anthu, asisi."

"Nthawi zina, bwana."

"Nthawi zonse!" wa malaya ofiira anakuwa.

"Chabwino. Poti sipika yadwala, sipika mukhala inu. Bwezani pang'ono, bambo. Atiuze kuti mdalayu ndi ndani."

Bambo anabweza filimu. Sanandiyang'ane. Ine ndinaimirira. Masitepe anaonekanso. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Kenako ndinaona nsapato ya Bambo, ya kumanja, ataipendeketsa kuti isaponde pansi, ndipo mawu anabwera okha.

"Awa," ndinayamba, kamawu kakang'ono ngati ka mbewa, "awa ndi agogo a mudzi wonse. Onani mmene akutsikira pang'onopang'ono. Sanagone, akhala akuganizira ana amasiye." Mawu anayamba kukula. Ndinawafewetsa ngati a sisitere akuphunzitsa katekisimu. "Ndodoyo si yomenyera munthu ayi, ndi yothamangitsira agalu kuti asalume ana. Kamwana aka kayenda mtunda wautali, kwa masiku asanu ndi awiri, osadya, kuti kadzangowaona. Onani kakulephera n'kuyankhula komwe ndi chimwemwe. Ndiye akukagwira pamutu, akuti usalire mwana wanga, sukulu ndikulipirira, nsapato ndikugulira, amako ndiwamangira nyumba ya malata, ya zipinda khumi ndi ziwiri, ya mpopi m'kati..."

"Zakwana," anatero wa suti.

Ndinali nditatsala pang'ono kuwapatsa ndege.

Chodabwitsa n'choti pamene ndinkanena, mdalayo ankaonekadi choncho. Ine ndemwe, amene ndinamuona akuphetsa munthu katatu konse, ndinayamba kumumvera chisoni ndi nyamakazi yakeyo. A Tcheyamani ankagwedeza mutu mwamphamvu moti thukuta linkawazikira pabenchi. "Ndi zimene ndinaona ine," anatero. "Ulemu wokhawokha."

"Bodza!" Wa malaya ofiira anachita kulumpha. "Loweruka sananene zimenezo! Kunali chinyimbo choopsa, ndiye iyeyu analoza n'kunena kuti..."

"Kuti chiyani?" wa suti anafunsa mofatsa, akutulutsa kabuku ndi cholembera.

"Anati... analoza apo..." Dzanja lake linakwera, chala n'kulunjika pachithunzi.

"Ndikumva. Mwaloza. Tsopano nenani mawuwo bwinobwino, ndilembe kuti anena ndinu pamaso panga, pamaso pa a Tcheyamani."

Mnyamata uja anayang'ana chala chake. Anayang'ana kumene chaloza. Nkhope ija inkamuyang'ananso, chipewa cha chimdala chikadali pamutu chifukwa Bambo anali ataimitsanso filimu pomwepo, osazimitsa. Kukamwa kwake kunatseguka n'kutsekeka, kutseguka n'kutsekeka, ngati nayenso kababu kake kapsa.

"Anati... galu..."

"Ndani galu?"

Zii.

"Tsitsani chala, achimwene," wa suti anatero. "Chakhalitsa m'mwamba."

Chinatsika. Mnyamatayo anatuluka osatsanzika, a Tcheyamani pambuyo pake akumukalipira mokweza kuti aliyense amve, ati ana a masiku ano kutaya nthawi ya mabwana.

Ine ndinati zatha. Ndinayamba kupuma. Koma wa suti sanatuluke. Anapinda kapepala ka mtedza bwinobwino, n'kukaika m'thumba, n'kuyenda mpaka pamakina ndi nsapato zake zosamveka zija. Anawasisita pamwamba ngati mmene mdala uja anasisitira kamwana. Anayang'ana pansi, pamene nsapato ya Bambo inasiya kadontho kofiira pasimenti. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Makina anu ndi anzeru, bambo," anatero chapansipansi. "Amadziwa tsiku lodwala."

Anakweza maso n'kuyang'ana Bambo.

"Asachire."

"Sachira, bwana."

"Ndipo asisiwa mpweya wa mutauni sukuwayanja. Mulibe abale kokhala minda?"

"Alipo, bwana. Ku Chigumula."

"Kwabwino kumeneko. Chimanga sichimva Chizungu." Anandimwetulira, mbali zonse ziwiri za nkhope zikuwala, n'kutuluka. Sindinamve ngakhale phazi limodzi. Ndinangomva galimoto ikulira.

Makina tinakawasiya kwa ansembe tsiku lomwelo, m'bokosi lake, ndipo Bambo sanawatsegulenso. Malaya oyera aja anasanduka a ku tchalitchi basi. Ine Loweruka lotsatira ndinali ku Chigumula kwa azakhali, khasu m'manja, ndikufotokozera mbuzi. Mpaka pano ndikalowa musitolo maso amayamba kuthamangira pamwamba pa khoma, ndipo ndikaonapo chimango chilichonse, ngakhale cha kalendala, njuchi zija zimayamba.

Koma Lachitatu limenelo tinabwerera kunyumba tonse awiri. Bambo ankatsimphina njira yonse, atakana kuvula nsapato pamsewu kuti anthu angafunse. Amayi anali ataima pampanda chiyambire m'mawa. Atationa anawerenga ndi chala, mmodzi, awiri, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo.

M'nyumba anawavula Bambo nsapato. Sokosi inali itamatirira. Amayi anatenga beseni ndi phini, n'kuyamba kuzula timagalasi kuphazi, kamodzi kamodzi, akuika m'chivundikiro cha botolo.

"Chachitika n'chiyani kumeneko?" anafunsa, maso ali paphazi.

Ine ndinayang'ana Bambo, kudikira "matama" uja. Anali atatsinzina, mano ataluma, juzi ikadali mkati mwa malaya awiri. Anatsegula diso limodzi.

"Auze, mayi," anatero. "Koma utseke kaye chitseko. Ndipo zipinda za nyumba ija uchepetseko."